Njinga ya Fanuwelo

Anaibweretsa pa ngolo Lachinayi,
mng'ono wake akuyenda pambali, osayankhula.
Anaitsitsa pansi pa mtengo wanga wa kesha pa Mitundu,
pomwe ndakhala ndikumata machubu zaka khumi ndi zinayi,
nati: Amisiri, taonani ngati chilipo chotola.

Ndinaizindikira ndisanaigwire.
Chishalo chija ndinachimanga ndine ndi mphira,
keliyala ndinakawotcheretsa ndine kwa Yobe
chaka chomwe anayamba kusenza matumba atatu a makala
m'malo mwa awiri.
Ngongole yake ya masipoko asanu ndi limodzi
ikadali m'kope langa.

Mkombero wakhwinyata ngati tsamba la fodya,
felemu yathyokera pakhosi,
pedulo imodzi inatsalira kutchire.
Belu lokha.
Ndinaliyesa ndi chala, likulira bwinobwino.

Akuti kunali m'mbandakucha, atangopitirira pa Bunda,
ali kumanzere, m'mphepete mwenimweni
momwe phula lathera ngati mphasa yodyedwa ndi chiswe.
Akanapatukira kuti? Kunsi kwake ndi ngalande.
Tipa ya mchenga inkapitirira minibasi pokhota,
ikuwala diso limodzi ngati njinga yamoto.
Mayi wa tomato amene ankabwera m'mbuyo mwake
akuti hutala sanaimve,
anangomva makala akumwazika.

Woyendetsa sanaime.
Akuti anaopa anthu, anathawira ku polisi.
Mwina n'zoona, khamu likakwiya silisankha mwala.
Koma dzuwa limatuluka Fanuwelo akupumabe,
atagona pa makala ake omwe,
akufunsa ngati njinga ili bwino.

Tsiku la maliro tinayala masamba pamsewu.
Galimoto zinkafika mwaulemu, pang'onopang'ono,
ena mpaka kuzimitsa wailesi.
Ndinaima pomwepo, chipewa m'manja.
Nthambi yothyoledwa amaionera patali chonchi,
nanga munthu wamoyo ndi matumba atatu
amasowa bwanji m'maso mwawo?

Za kukhoti ndinazimva kwa Nachisale, mkazi wake.
Anapitako katatu, pa ndalama za katapila.
Koyamba fayilo inasowa.
Kachiwiri mayi wa tomato analibe yokwerera.
Kachitatu anatchula chindapusa,
mwini tipa n'kupisa m'thumba la jekete pompo,
osawerenga kawiri.
Za chipepeso, anati, mukafunse a inshulansi m'tauni,
mutenge kalata ya polisi, kalata ya chipatala,
ndi kalata ya ukwati
umene ankhoswe anamangira pakhonde, opanda cholembera.

Dzulo tipa ija inaima patsidyapo.
Nyali aikamo yatsopano.
Woyendetsa anatsika kukagula zitumbuwa,
kamnyamata chabe, ndevu zowerengeka,
maso ofiira ngati munthu wosagona.
Akuti amalipidwa pa ulendo, osati pa mwezi.
Anaiona njinga itatsamira mtengo,
n'kuyang'ana nsapato zake.
Ndinafuna kumuitana:
Tabwera, mphwanga, dzagwire mkombero uwu,
tiuwongolere limodzi,
uumve m'manja mwako momwe ukukanira.
Ukachoka pano ukaitanenso bwana wako.
Mawu anandikanirira pakhosi,
sipanala ikunjenjemera m'dzanja,
iye n'kuliza injini, fumbi koboo,
kuthamangira ulendo wachinayi.

Mng'ono wake akuifuna pofika Lolemba.
Ana anayi aja sadya chisoni,
ndipo makala sadziyendera okha kupita kwa Chinsapo.
Ndachotsa mkombero pa njinga ya malemu bambo anga,
Yobe wawotcherera felemu, ndalama wakana.
Chishalo ndachitsitsa pang'ono,
mnyamatayo miyendo njaifupi.
Dzina m'kope muja ndalephera kulikhwatcha.

Kumbuyo ndamangako kagalasi kofiira
konyezimira usiku,
ndakalimbitsa ndi waya kawiri,
ndakapukuta ndi malaya anga,
ngakhale ndikudziwa
kuti Fanuwelo analinso nako.